Inichaji wa wodi: ntchito yogawa zochepa

M'zipatala zathu namwino sakhala inichaji chifukwa choti anapempha. Kawirikawiri amangoitanidwa ku ofesi kwa amatroni n'kuuzidwa kuti kuyambira Lolemba wodi ya ana, kapena ya amayi oyembekezera, ili m'manja mwake. Chimene amamusankhira sichibisika: ali ndi dzanja labwino, mtsempha wa khanda amaupeza ena atalephera, sachedwa pa ntchito, ndipo dzina lake silinamvekepo pa mlandu. Koma udindo umene akumupatsawo sudalira kwenikweni zimenezi. Kuyambira tsiku limenelo, chimene chichititse kuti odwala athandizidwe bwino si manja ake awiri aja ayi, koma mmene akugawira anthu ochepa, maola ochepa ndi katundu wochepa amene wodiyo ili naye. Ine ndimaona kuti utsogoleri wa namwino kuno kwathu wagona pamenepo: kugawa zochepa mwachilungamo ndi mwanzeru, kenako kukauza akuluakulu, mochita kulemba, zimene sizinakwane.

Kuno ku Mzuzu nkhaniyi imalemera mwapadera. Chipatala cha Mzuzu Central, chimene chinamangidwa ndi thandizo la dziko la Taiwan n'kutsegulidwa m'chaka cha 2000, ndicho chipatala chachikulu chokhacho m'chigawo chonse cha kumpoto. Zinzake zili ku Lilongwe, ku Zomba ndi ku Blantyre. Wodwala amene wakanika ku Chitipa, ku Karonga, ku Rumphi, ku Nkhata Bay, ku Mzimba, ngakhale pa chilumba cha Likoma, ulendo wake umathera konkuno. Ambulansi imene yanyamuka ku Karonga masana, pomakwera mapiri a Chiweta n'kudzafika m'tauni muno, dzuwa limakhala litapendeka kapena litalowa kale, nthawi imene mu wodi mwatsala a naiti okhaokha. Ndiye kuti wolemba rosita, ndandanda yonena ndani agwira ntchito tsiku liti, amakonzera odwala amene sanawaone, amene pa nthawi yolembayo akadali kwawo bwinobwino.

Rosita ija ndi pepala limodzi lomatidwa pakhoma, koma mikangano yambiri ya mu wodi imabadwira pomwepo. Tiyerekeze wodi imene m'mabuku a boma ili ndi anamwino 10. Mmodzi ali pa tchuthi cha uchembere, wina anapita kukawonjezera maphunziro, wachitatu ali ku wekishopu sabata yonse. Atsala 7, kuwerengera ndi inichaji yemwe. Awiri ali pa naiti, awiri akupuma poti angotsika kumene pa naiti. Masana mwatsala atatu, ndipo mmodzi mwa atatuwo ndi amene akufunikanso ku msonkhano wa m'mawa, ku famase ndi ku ofesi ya amatroni. Wina akangodwala malungo, masamu onse aja asokonekera. Ndipo naiti m'zipatala zambiri ndi yaitali kuposa ya masana: munthu amalowa chakumadzulo n'kudzatuluka cha m'ma hafu seveni m'mawa, m'mwezi wa June kukuzizira mochita kulowa m'mafupa.

Poti anthu sangachuluke mwa matsenga, chimene inichaji angalamulire ndi chilungamo cha kagawidwe. Rosita yabwino imatuluka mwezi usanayambe, kuti munthu adziwiretu tsiku lopita ku chigayo ndi tsiku lokaona mwana ku sukulu. Siyiika ongomaliza kumene maphunziro awiri pa naiti imodzi. Aliyense watsopano amakhala ndi wina amene anaziona. Imawerengedwanso chobwerera: ndani anagwira Khirisimasi ya chaka chatha, ndani anakhala pa Nyuwere, ndani wagwira Loweruka ndi Lamlungu milungu itatu yotsatizana. Anamwino zinthu zimenezi saziiwala, ngakhale asanene kanthu. Ndipo dzina la inichaji nalonso lizioneka pa masiku oipawo. Amene amadzipatsa ofu Lachisanu lililonse asadabwe akamayankhidwa kuti "chabwino sista" koma ntchito osayenda.

Kenako pali maliro. Namwino wa kwawo ku Dedza kapena ku Thyolo akauzidwa kuti amalume atisiya, si nkhani ya tsiku limodzi: kupita kudzera ku Chikangawa ndi tsiku lathunthu, kubwera chimodzimodzi, kuwonjezera la mwambo. Palibe mtsogoleri wanzeru amene angakanize munthu kukaika m'bale wake. Chimene angachite ndi kukhazikitsiratu lamulo limodzi la onse: wopita anene msanga, kusinthana kulikonse kulembedwe pa rosita pomwepo ndi siginecha za onse awiri, ndipo amene watsekera mnzake adzabwezeredwe tsiku lake. Kusinthana kwa pa WhatsApp kumene inichaji sakukudziwa ndi kumene kumasiya wodi opanda munthu, aliyense akuganiza kuti mnzake alipo.

Nkhani ya mawekishopu anthu saikamba poyera, koma ndiyo imaononga mitima kwambiri. Wekishopu imabwera ndi alawansi, ndipo pa malipiro a namwino alawansi ya masiku asanu si ndalama yochepa. Kalata ikabwera yofuna munthu mmodzi, maso onse amakhala pa inichaji. Ngati opita ali omwewomwewo, makamaka ngati ali a tchalitchi chimodzi kapena a boma limodzi ndi iye, otsalawo amatembenuka mtima, ndipo amene amalipira ndi wodwala. Mankhwala ake ndi osavuta, kungoti amafuna kulimba mtima: kabuku kolembamo ndani anapita kuti, liti, kukaphunzira chiyani, koikidwa poti aliyense akaone. Wopitayo akabwera aphunzitse anzake zimene wamva, ngakhale kwa mphindi makumi awiri pambuyo pa lipoti la m'mawa. Lokamu nayo ndi momwemo. Kugwira maola owonjezera kuti ulipidwe kumatseka mipata pa rosita, koma munthu amene watsika pa naiti n'kulowanso lokamu masana, maso ali gwa, ndiye amene amawerenga molakwika mlingo wa mankhwala. Inichaji ayenera kudziwa ponena kuti "lero ayi, kagoneni", ngakhale mwini wakeyo akuifuna ndalamayo.

Chinthu chachiwiri chimene chimaonetsa mtundu wa mtsogoleri ndi kusiyirana ntchito m'mawa. Mu wodi ina mumamva a naiti akuti, "Bedi 4 ali bwino, bedi 5 anagona, bedi 6 yemweyo wa dzulo uja," chikwama chili kale paphewa. Mu wodi ina onse amanyamuka ndi mafayilo n'kuima pa bedi lililonse. Wa naiti amanena kuti mayi uyu anachitidwa opaleshoni dzulo madzulo, BP inatsika cha m'ma 2 koloko usiku, tinamuika dripi yachiwiri, mkodzo watuluka wochepa, adokotala anauzidwa koma sanabwere, chofunika m'mawa uno ndi kuyezanso magazi. Akulankhula choncho, wa masana akukweza nsalu kuona bala, akugwira mkono kuona ngati kanula ikadali m'malo. Kusiyana kwa mawodi awiriwa sikuchokera ku sukulu imene anamwinowo anaphunzira. Kumachokera kwa inichaji amene tsiku lina anakana kulandira lipoti la pa tebulo, n'kupitiriza kukana mpaka chinakhala chizolowezi. Ku leba n'chimodzimodzi ndi patogirafu, pepala lolembapo mmene kubereka kukuyendera: kugunda kwa mtima wa mwana kumayenera kumvedwa ndi kulembedwa theka la ola lililonse, ndipo mtsogoleri amene amaiyang'ana mayi akadali pa bedi amasiyana kutali ndi amene amaiona itadzazidwa bwinobwino mwana atabadwa kale.

Tsopano pali chovuta china chimene mabuku a utsogoleri ochokera kunja sachidziwa bwino. Anamwino athu ali m'magulu. Alipo a digiri, amene amaphunzira zaka zinayi ku Mzuzu University kapena ku Kamuzu University of Health Sciences, imene inabadwa mu 2021 pophatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine. Alipo ma NMT (Nurse Midwife Technician), amene maphunziro awo safika pa digiri, amene ambiri amachokera m'makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, monga St John's konkuno ndi Ekwendeni, ndipo ndi amene asenza gawo lalikulu la ntchito m'mawodi ndi m'zipatala zazing'ono za kumidzi. Malinga ndi dongosolo la ntchito, wa digiri ndiye amapatsidwa wodi. Choncho zimachitika kuti mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi akulamulira mayi amene anayamba kubadwitsa ana iye asanabadwe, mayi woti kunja kwa geti akanamugwadira pomupatsa moni.

Apa ambiri amagwera mbali imodzi mwa ziwiri. Ena amachita mantha, osatha kuuza wamkuluyo kanthu, n'kumangogwira okha ntchito imene yasiyidwa. Ena amanyamula digiri pamutu n'kumalankhula ngati akulankhula ndi mwana wa sukulu, ndipo sipatenga mwezi wodi yonse isanawatembenukire. Njira imene imagwira ntchito ndi yolekanitsa ulemu ndi lamulo. Ulemu ndi wa wamkuluyo, ndipo aupatsidwe wonse. Lamulo ndi la udindo, ndipo silichepa chifukwa mwini udindo ndi wamng'ono. Tinene kuti mayi uja sanalembe mankhwala amene anapereka usiku. Inichaji samufunsa pa lipoti pamaso pa ana a sukulu. Amadikira, n'kumuitanira pambali: "Amayi, ndimafuna mundithandize. Pa fayilo ya bedi 9 sindikuona jakisoni wa 10 koloko. Munapereka?" Akayankha kuti anapereka koma anatanganidwa, yankho lake ndi lakuti, "Ndikukhulupirirani, amayi, usiku unali wovuta. Koma wa masana akanapereka kachiwiri. Tiyeni tilembe pano, ndipo ndikupempha kuti zisachitikenso." Mawu ndi ofewa, koma nkhaniyo yanenedwa yonse, ndipo ikabwerezedwa ilembedwa. Mbali inayo, mtsogoleri wachinyamata amene amafunsa wamkuluyo maganizo pamaso pa onse, "Amayi, inu mwaona zambiri, mayi uyu mukumuona bwanji?", amapeza mnzake womuteteza pa tsiku la mavuto.

Kugawira ena ntchito n'kovuta kwa amene anazolowera kuchita zonse bwino yekha. Amaona wina akuvutika ndi mtsempha, iye n'kulanda singano. Mwanayo wathandizika, inde, koma namwino uja sanaphunzire, ndipo pa nthawiyo palibe amene akuona wodi yonse. Mu wodi mumakhala ma atendanti, ana a sukulu ochokera ku St John's, ku Ekwendeni, ku Mzuni ndi ku St John of God, komanso magadiyani amene amasambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza odwala awo. Onsewa ndi manja, koma aliyense ali ndi malire. Mwana wa sukulu angayeze BP ndi kutentha kwa thupi, koma ayenera kuuzidwa momveka nambala imene akaiona athamange kudzanena, osati kungoilemba. Gadiyani angauzidwe kuti dripi ikafika pa mzere uwu adzaitane. Ntchito imagawidwa, koma mlandu sugawidwa: bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, limene lakhala likulembetsa ndi kulanga anamwino ndi azamba kuyambira m'chaka cha 1966, likadzafunsa, lidzafunsa amene ali ndi laisensi.

Pa magadiyani pomwepa pali nkhani ya chilankhulo. Namwino wolankhula Chichewa amene watumizidwa kuno amatha kukhala m'tauni osavutika, poti pa msika ndi pa depoti Chichewa chimamveka. Koma gogo wochokera ku Euthini adzafotokoza ululu wake m'Chitumbuka, wa ku Chintheche m'Chitonga, wa ku Karonga m'Chinkhonde, ndipo wa ku Chitipa mwina m'Chilambya. Inichaji wanzeru amaganizira zimenezi polemba rosita, kuti pa shifiti iliyonse pakhale womva Chitumbuka bwino, ndipo salola kuti watsopano azisekedwa akamayesa kuchilankhula.

Za katundu sindichedwapo, ngakhale zimadya nthawi yambiri. Mankhwala a m'zipatala za boma amachokera ku Central Medical Stores Trust kudzera ku famase ya chipatala, ndipo inichaji alibe mphamvu pa zimene kulibe. Mphamvu yake ili pa kudziwiratu. Magolovesi amaitanitsidwa bokosi lomaliza lisanatsegulidwe. Mankhwala amene atsala pang'ono kutha mphamvu amaikidwa kutsogolo. Thireyi ya zadzidzidzi imayenderedwa pa shifiti iliyonse ndi munthu wodziwika dzina, chifukwa tsiku limene mayi wayamba kukomoka ndi BP si tsiku lofufuza kumene kuli magnesium sulphate, mankhwala oletsa kukomokako. Oxytocin, mankhwala oletsa mayi kutaya magazi akabereka, amafuna filiji, ndipo magetsi akazima wina ayenera kukumbukira zimenezo. Pethidine, mankhwala amphamvu opha ululu, amakhala m'kabati yokiya, ndi buku lake, ndipo chiwerengero chimaonedwa ndi anthu awiri posiyirana makiyi. Magazi nawo ali ndi nyengo: ambiri amene amapereka ku Malawi Blood Transfusion Service ndi ana a sukulu, choncho sukulu zikatsekera magazi amachepa, ndipo tchuthi cha December chimagwera m'dzinja pamene malungo akusowetsa ana magazi. Amene amadziwa zimenezi amayamba kulankhula ndi a labu msanga. Njira ya 5S, yosanja katundu mwadongosolo, imene a JICA, bungwe la boma la Japan, anathandiza kufalitsa m'zipatala zathu ena amaiona ngati yongomata timapepala pa mashelefu, koma phindu lake limaoneka usiku pamene namwino wa lokamu, wosadziwa wodiyo, wapeza chimene akufuna osadzutsa munthu.

Chovuta kwambiri ndi tsiku limene chinthu chalakwika. Mwana wapatsidwa mlingo wosayenera, kapena mayi wamwalira pobereka. Mtima wa munthu umathamangira kufunsa kuti anali pa ntchito ndani. Funso limenelo lili ndi malo ake, koma likakhala loyamba ndi lomaliza, zotsatira zake n'zodziwika: anthu amaphunzira kubisa, mafayilo amakonzedwa pambuyo, ndipo cholakwika chomwecho chimadzachitikanso kwa wina. Ndi chifukwa chake kafukufuku wa imfa za amayi oyembekezera, amene amachitika m'zipatala za m'dziko muno, anakhazikitsidwa pa mfundo yoti cholinga si kuloza chala munthu koma kupeza pamene panaduka chingwe: kodi mayiyo anachedwa kunyamuka kunyumba, anachedwa pa njira, kapena anachedwetsedwa atafika kale m'chipatala? Ngati ndi m'chipatala, anamwino anali angati pa odwala angati, adokotala anaitanidwa nthawi yanji n'kufika nthawi yanji, magazi analipo? Inichaji ndi amene amachititsa kuti namwino wachinyamata abwere yekha n'kunena kuti "sista, ndalakwitsa", kapena akhale chete. Zimadalira zimene anaona zikuchitikira mnzake amene ananena chilungamo ulendo wapita.

Izi sizikutanthauza kulekerera. Kulakwitsa chifukwa cha kutopa kapena kusadziwa n'kosiyana ndi kukalipira mayi amene akubereka, kugona pa naiti odwala akuitana, kapena kutulutsa mankhwala kukagulitsa. Zoterezi zimafuna chenjezo lolembedwa ndi kupita nazo kwa amatroni. Masiku ano zipatala zili ndi ma ombudsman olandira madandaulo a odwala, ndipo mtsogoleri amene amabisa wolakwa chifukwa ndi mnzake amadzapezeka akuyankha yekha. Mutu ukakula sulewa nkhonya: zina zimachokera kwa odwala, zina kwa anzako amene dzulo unkadya nawo nsima m'chipinda chopumira.

Nkhonya zina zimachokera kumwamba. Mu April 2020, matenda a COVID-19 atangolowa m'dziko muno, ogwira ntchito m'zipatala ananyanyala ntchito pofuna zovala zodzitetezera ndi alawansi ya chiopsezo. Pa nthawi ngati imeneyo inichaji amakhala pakati: ndi namwino ngati anzakewo, mwina membala wa NONM, bungwe lomenyera ufulu wa anamwino ndi azamba, ngati iwo, koma ndi iyenso amene akuluakulu amamuimbira foni kufunsa kuti mu wodi muli ndani. Kolera wa 2022 ndi 2023, amene anavuta kwambiri m'mbali mwa nyanja kuphatikizapo ku Nkhata Bay, anabweretsa vuto lina: anamwino kuchotsedwa m'mawodi kupita ku misasa ya odwala kolera, mawodi n'kutsala ndi anthu ochepa kuposa kale. Boma linayesapo kuthana ndi kusowa kwa anthu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene anamwino ambiri ankapita ku UK: pulogalamu yapadera imene inayamba mu 2004 inawonjezera 52 peresenti pa malipiro a ogwira ntchito zaumoyo ndi kukulitsa makoleji. Zinathandiza, koma kusowako sikunathe, ndipo ine sindikhulupirira kuti ndalama zokha ndi zimene zimasunga namwino mu wodi. Ambiri amene amapempha kusamutsidwa akuthawa munthu, osati ntchito.

Pamene zinthu sizikukwana, mainichaji ambiri amadandaula pakamwa, pa khonde, kwa aliyense wodutsa. Amatroni amamva madandaulo otere kuchokera ku mawodi onse tsiku lililonse, ndipo sangapite nawo kulikonse. Chimene angapite nacho ku msonkhano wa akuluakulu ndi kalata yaifupi yokhala ndi deti, yonena kuti sabata yatha odwala anali angati usiku uliwonse, anamwino anali angati, makina a okosijeni ogwira ntchito ndi angati, chinachitika n'chiyani chifukwa cha kuchepako, ndipo chikupemphedwa n'chiyani: anthu awiri a lokamu, kapena kukonzedwa kwa makina akutiakuti pofika tsiku lakuti. Kope imodzi imatsala mu fayilo ya wodi. Kalata yotere imatetezanso anamwino pa tsiku limene funso lidzabwere lakuti chifukwa chiyani wodwala sanaonedwe kwa maola atatu. Kulankhula ndi adokotala pa foni kumafuna luso lomwelo: dzina la wodwala ndi bedi, chimene chasintha, manambala ake, chimene wachita kale, ndi chimene ukufuna, "ndikupempha mubwere tsopano", kenako n'kulemba mu fayilo nthawi imene waimba.

Zonsezi zimaphunzirika, ndipo n'zachisoni kuti ambiri amaziphunzira atapsa kale. Ku koleji amaphunzitsako za kayendetsedwe ka wodi, koma pa nthawiyo maganizo a wophunzira amakhala pa mayeso a khonsolo ya anamwino. Malo enieni ophunzirira ndi mu wodi momwemo, ngati inichaji alola. Asankhe wachiwiri wake msanga, amupatse rosita ya mwezi wamawa kuti ayambe ndi iye kulemba, kenako akhale pansi awiri n'kuona pamene yapendekera. Amutume ku famase ndi fomu yoitanitsira katundu, amutenge ku kafukufuku wa imfa kuti akamve mmene mafunso amafunsidwira, amusiyire makiyi a kabati ya pethidine iye akapita pa tchuthi, ndipo ali ku tchuthiko asamaimbe foni m'mawa uliwonse. Maphunziro a CPD, opitiriza kuphunzira munthu ali kale pa ntchito, amene khonsolo imafuna kuti munthu awonjezere laisensi angagwiritsidwenso ntchito pa zimenezi: m'malo moti mutu ukhale wa matenda nthawi zonse, mwezi wina ukhale wa kalembedwe ka rosita, mwezi wina wa kalata yopita kwa amatroni, aliyense abwere ndi imene analembapo kuti anzake ayikonze.